Nsomba zanga za m'madzi amchere zikungobisala: ndichotse miyala?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Matawale, mumzinda wa Zomba:

"Ndasunga mbuna m'thanki yagalasi kwa zaka zingapo, koma miyezi itatu yapitayo ndinayamba thanki ya madzi amchere ya malita 200. Ndinayamba ndi damsel imodzi yabuluu ndi clownfish ziwiri. Sabata yatha, kumayambiriro kwa Juni kuno, ndawonjezera zitatu tsiku limodzi: firefish, royal gramma ndi wrasse yachikasu. Wrasse sindinaionenso kuyambira tsiku limene ndinaiika, lero akwana masiku 6. Firefish imangosuzumira, gramma ili m'phanga chagada. Clownfish nazo m'mawa zimangounjikana pakona. Miyala ndi makilogalamu 8, ndinaiunjika mulu umodzi pakati, ndipo mchenga ndi masentimita 3. Thanki ili pabalaza pafupi ndi TV. Ndalama zapita zambiri koma nsomba sindikuziona. Kodi ndichotse miyalayo kuti zizolowere kukhala poyera?"

Yankho

Zikomo bambo polemba mwatsatanetsatane chonchi. Miyalayo musaichotse. Ikufunika kuwonjezera, osati kuchepetsa. Nsomba ya m'matanthwe a nyanja yamchere imalimba mtima n'kutuluka poyera pokhapokha ikadziwa kuti kumbuyo kwake kuli una wake woti n'kulowamo msangamsanga. Mukaichotsera unawo mantha sathera pomwepo, amangosowa kolowera. Nsombayo imakakamira pakona ya pamwamba kapena kuseri kwa hita, mtundu wake umasuluka, imasiya kudya, ndipo matenda amene ikanalimbana nawo amaipeza itafooka kale.

Inu mwasungapo mbuna, ndiye khalidweli si lachilendo. Amene anasambirapo ku Cape Maclear pafupi ndi chilumba cha Thumbi amadziwa kuti mbuna zimadzaza pamene pali miyala, koma ukangosuntha mamita ochepa kupita pamchenga, zii. M'nyanja yamchere zimenezi n'zonyanyirapo, chifukwa kansomba ka masentimita 8 ndi ndiwo ya aliyense: grouper, moray eel, lionfish. Zimene zimakula ndi zokhazo zosatalikira una. Clownfish zambiri za masiku ano zimaswedwera m'mathanki, n'chifukwa chake sizichita mantha ndi munthu, koma firefish, gramma ndi wrasse kawirikawiri zimagwidwa m'nyanja mwenimweni. Zanuzo zadutsa muukonde, m'jumbo, mundege, m'sitolo, m'jumbo kachiwiri, n'kumaliza ndi msewu wa ku Zomba. Masiku 6 akadali ochepa.

Komabe nsomba zanu sizikubisala pa chifukwa chimodzi, choncho tizione payokhapayokha.

Wrasse yachikasuyo, dzina lake la sayansi Halichoeres chrysus, sili m'miyala ayi. Ili pansi pa mchenga. Mtundu umenewu umagona mumchenga usiku uliwonse ndipo umathawiranso momwemo ukaopsezedwa. Chisisira chikayamba imazungulira pansi kawiri katatu, imaweramitsa mutu, n'kudzibaya cham'mbali. Kamchenga kamangofuka pang'ono, basi yasowa, osasiya ndi mchira womwe. Yatsopano ikhoza kukhala momwemo masiku angapo, nthawi zina mpaka sabata ziwiri. Chonde musaifukule. Mukaitulutsa mokakamiza imathamanga modzigundagunda pagalasi, n'kukalowanso pena, ndipo masiku obisala amayambiranso pachiyambi. Palinso china: nsomba zimenezi zambiri zimachokera ku Indonesia ndi ku Philippines, kumene kumacha maola 5 mpaka 7 kuno kusanache. Ngati yanu yangochokera kumeneko posachedwa, thupi lake likuyenderabe nthawi yakwawo, ndiye n'kutheka kuti imatuluka pakati pa usiku inu muli mtulo. Dzukani cha m'ma 3 kapena 4 koloko mbandakucha, phimbani tochi ndi pulasitiki yofiira kuti kuwala kusaidzidzimutse, muunike modekha. Ikayamba kutuluka, nthawi yake imasunthira masana pang'onopang'ono yokha.

Mchenga wa masentimita 3 ndi wochepa kwa nsomba imene ikakula imafika masentimita 12. Ukufunika masentimita 5 mpaka 8, wosalala, wa mtundu wa aragonite (mchenga wa m'mathanki a madzi amchere), njere zake zosapitirira mamilimita 2. Makorali ophwanyidwa okhakhala aja amaikanda pakamwa ndi m'mbali podzikwirira, zilonda zimayambira pamenepo. Mchenga wa mu Likangala kapena wa kumadambo musauyese n'komwe: umabwera ndi matope, zotsalira za feteleza ndi zitsulo. Simukufunika kudzaza thanki yonse, mbali imodzi yakuya ikwanira. Koma dikirani wrasse iyambe kaye kutuluka kuti mudziwe pamene imagona, kenako tsukani mchenga watsopanowo bwinobwino, muziutsitsira pansi kudzera m'paipi, kapu imodzi kapena ziwiri patsiku.

Za royal gramma musade nkhawa. Kwawo ku nyanja ya Caribbean imakhala m'mapanga ndi pansi pa matanthwe otulukira kunja, ndipo imalozetsa mimba yake ku mwala uliwonse umene uli pafupi. Ikakhala pansi pa denga la phanga, mimba imaloza kudenga, ife n'kumaiona ngati yagona chagada. Si matenda. Mukaona ikuyasamula kukamwa kwambiri nsomba ina ikayandikira, dziwani kuti phangalo yalitenga kukhala lake, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino.

Firefish ndiyo yamantha kuposa zonse. Ikakhazikika imayandama masentimita ochepa pamwamba pa una wake, mutu utaloza kumene madzi akuchokera, ikudikira tizakudya tobwera ndi madziwo. Chipsepse chachitali cha pamsana chija imachigwedeza mmwamba ndi pansi, ndipo kanthu kakangodutsa, ngakhale mthunzi wa dzanja, imabwerera mu una mwaliwiro loti maso satsatira. Kusuzumira kumene mukunenako ndi chiyambi chake: lero mutu, mawa theka la thupi, kenako kuyandama pakhomo. Choopsa chachikulu kwa firefish si kubisala koma kudumpha. Ikapirikitsidwa n'kusowa kolowera imalumphira mmwamba, ndipo kampata kakang'ono ka pamene padutsa waya wa hita kamakwanira. Ikani chivindikiro lero lomwe, chagalasi kapena cha ukonde wapulasitiki wa timabowo tosapitirira mamilimita 6. Neti yogonamo ija musaigwiritse ntchito ngakhale itakhala yakale: inanyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwala amenewo amapha nsomba pamlingo wochepa kwambiri. Pa chifukwa chomwecho musamapopere mankhwala a udzudzu kapena kuyatsa koyilo pabalazapo. Wrasse nayo imadumpha.

Clownfish sizibisala kwenikweni. Si nsomba zosambira mtunda. M'nyanja zimakhala moyo wonse pa anemone imodzi (kanyama ka m'nyanja kooneka ngati duwa), ndipo m'thanki mopanda anemone zimasankha kona, pampu kapena mwala n'kumakhala pomwepo. Koma mawu anu akuti zimatero m'mawa, mwezi uno wa Juni, akundipangitsa kukayikira kuzizira kwa madzi. Tibwerako.

Tsopano mungasiyanitse bwanji nsomba yobisala ili bwino ndi yobisala chifukwa chovutika? Simungadziwe mutaima pafupi ndi galasi, chifukwa pamenepo chimene zikuopa ndinu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimitsani nyale ya pabalaza ndi TV, khalani pampando mamita awiri kapena atatu kuchokera pathanki, osasuntha kwa mphindi 20 mpaka 30. Njira ina yabwino koposa ndi kutsamiritsa foni pampando, kuyatsa vidiyo, kuika chakudya n'kutuluka m'chipindamo. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti nsomba imene amati siituluka imayendayenda thanki yonse akangochokapo.

Poyang'anapo funani zinthu zitatu. Kodi chakudya chikadutsa pakhomo pa una imatuluka kudzachiwakha, ngakhale ibwerere nthawi yomweyo? Nsomba yotero ili bwino, isiyeni. Kodi makha ake akutseguka ndi kutseka modekha, kapena ikupuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa? Yerekezerani ndi clownfish zanu pa nthawi yomweyo. Nanga thupi: maso ndi owala, zipsepse ndi zotambasuka ndi zosang'ambika, mimba sinaphwe? Onaninso malo amene yabisala. Nsomba yathanzi imasankha una weniweni n'kuyang'ana kunja. Imene yapanikizika pakona ya pamwamba, kuseri kwa pampu, kapena yangogona pamchenga poyera, imeneyo sinasankhe, yasowa kopita. Ndipo nsomba imene inkayenda momasuka kwa miyezi n'kuyamba kubisala mwadzidzidzi ndi yodetsa nkhawa kuposa yatsopano imene sinatulukepo.

Pa zonse mwalembazi, amene ndikumukayikira kwambiri ndi damsel. Nsomba zimenezi n'zolimba komanso zotsika mtengo, ndiye anthu amakonda kuyamba nazo, koma ndi zolusa poteteza malo ake. Yanuyo yakhala miyezi itatu ili mwini malo, ndipo popeza miyala ndi mulu umodzi, mulu wonsewo ndi wake. Alendo atatuwo afikira m'nyumba ya mwini. Ndewu yake siioneka ngati ndewu. Firefish ikatulutsa mutu, damsel imangotembenuka kuchokera patali, zipsepse zitaima, n'kuthamanga kamtunda kochepa, firefish yalowa kale. Palibe kulumana, palibe bala, koma zikachitika kambirimbiri patsiku nsombayo siidya ndipo imafa ndi njala chakudya chili chodzaza m'thanki. Pa vidiyo ija yang'anani zimenezi makamaka nthawi ya chakudya ndiponso nyale ikatsala pang'ono kuzima, pamene nsomba iliyonse ikufuna pogona.

Osunga mbuna amazolowera kuchulukitsa nsomba m'thanki kuti ukali ugawikane, pasakhale imodzi yozunzidwa yokha. Njira imeneyo musaibweretse kuno. Madzi amchere amasunga mpweya wa okosijeni wochepa poyerekeza ndi madzi wamba otentha mofanana, kusiyana kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo nsomba za m'matanthwe sizipirira madzi akuda.

Chothandiza mwamsanga ndi kalilole. Mutsamiritseni pagalasi la m'mbali, kunja kwa thanki, kutali ndi una wa firefish. Damsel imatanganidwa ndi mdani wa m'kaliloleyo, anzake n'kupeza mpata wodya. Zimagwira ntchito masiku awiri kapena atatu, pambuyo pake imazolowera. Chokhalitsa ndi kuichotsa. Musaithamangitse ndi kaukonde, simungaigwire m'miyala ndipo mungosokoneza zina zonse. Pangani mono wa botolo: tengani botolo lapulasitiki loonekera la malita awiri, litsukeni ndi madzi okha opanda sopo, dulani mbali ya kukamwa, muitembenuzire m'kati ngati khomo la mono, boolani timabowo m'mbali, ikanimo chakudya, mangani ndi ulusi wa mbedza n'kulitsitsa pafupi ndi miyala. Dumphitsani chakudya tsiku limodzi musanatchere. Popeza damsel ndiyo yolimba mtima ndi yadyera, nthawi zambiri ndiyo imayamba kulowa. Isungeni sabata ziwiri m'chidebe chapulasitiki chobowolabowola chopachikidwa m'thanki momwemo, kuti ipitirize kupeza madzi ofunda ndi osefedwa, pamene anzake akugawana mauna. Kunena zoona, damsel zambiri zikabwezedwa zimayambiranso khalidwe lakale. M'thanki ya malita 200 yokhala ndi firefish, ine ndingakulangizeni kuipereka kwa wina amene ali ndi nsomba zikuluzikulu. Mtsogolomu, zofatsa ndizo ziziyamba kulowa, zaukali pomalizira.

Miyala ya makilogalamu 8 ndi yochepa pa malita 200. Yoyenera ndi 15 mpaka 20, yopepuka, yodzaza ndi timabowo, yogulitsidwira mathanki a madzi amchere. Miyala ya m'phiri la Zomba ndi yolimba yopanda timabowo, mabakiteriya oyeretsa madzi sapeza pokhala, ndipo simungadziwe zitsulo zimene zilimo. Poyala, gawani milu iwiri kapena itatu yotalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuti nsomba ya pa mulu wina isamaone khomo la inzake. Nsomba iliyonse ipeze mauna osachepera awiri, ndipo ena akhale otulukira mbali ziwiri, chifukwa una wa khomo limodzi umasanduka ndende wolusa akaima pakhomopo. Gramma ndi firefish zonse ndi za m'mapanga, zipatseni milu yosiyana. Miyala ya pansi ikhale pagalasi la pansi penipeni, mchenga ubwere pambuyo. Ikakhala pamwamba pa mchenga, nsomba yokumba imaigwetsa n'kudziphwanya.

Koma ntchito imeneyi si ya sabata ino. Wrasse ili pansi pamalo amene simukuwadziwa, ndipo mwala umodzi wotsetsereka ukhoza kuipha. Pakadali pano pitani kusitolo ya zipangizo zomangira m'tauni mukagule paipi ya PVC yatsopano ya mamilimita 25 ndi ina ya 40, ndi zigongono zake zingapo. Dulani tizidutswa ta masentimita 10 mpaka 15, palani m'mphepete kuti musakhale mwakuthwa, tsukani, n'kutiika mofatsa pamwamba pa mchenga m'mbali zonse ziwiri za thanki, kutali ndi mulu wa damsel. Si zokongola, koma ndi mauna enieni, ndipo mudzazichotsa miyala ikabwera.

Madzi nawo ayezedwe lero. Mwachoka pa nsomba zitatu kufika pa 6 tsiku limodzi, m'thanki yaing'ono msinkhu yokhala ndi miyala yochepa. Mabakiteriya amene amasintha amoniya wochokera m'makha ndi m'ndowe za nsomba anali okwanira nsomba zitatu, ndipo amatenga masiku kuti achuluke. M'masiku amenewo amoniya amakwera, amawotcha makha, nsomba zimafooka n'kubisala. M'madzi amchere, mmene pH (muyezo wa asidi m'madzi) imakhala pakati pa 8.1 ndi 8.4, amoniya amapweteka kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika. Mabakiteriya aja amasintha amoniya kukhala nitrite, kenako nitrate. Pa choyezera madzi, amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate pansi pa 20. Choyezera chikaonetsa amoniya wa 0.25 kapena kuposa, sinthani malita 50 tsiku lomwelo, chepetsani chakudya ndi theka, muyezenso mawa lake. Madzi atsopano akonzedwe dzulo lake: pa ndowa ya malita 20 mumalowa magalamu 700 mpaka 760 a mchere wa m'mathanki, osati wa kukhitchini, usungunuke usiku wonse pampu ikutakasa, ndipo afundidwe kufanana ndi a m'thanki. Ngati mukugwiritsa ntchito madzi a pampopi, chlorine ichotsedwe kaye. Madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), ochotsa zonse zosungunuka m'madzi, ndiwo abwino.

Mchere uyezedwe ndi refractometer, ukhale pakati pa 1.024 ndi 1.026. Ogulitsa ambiri amasunga nsomba m'madzi a mchere wocheperapo, ndipo nsomba ikachotsedwa pa 1.019 n'kuponyedwa pa 1.025 mosazoloweretsa, thupi lake limataya madzi, imakhala masiku angapo ili lefu mu una. Zikachitika kale, mankhwala ake ndi kusasinthasintha. Madzi akaphwera m'thanki wonjezerani opanda mchere, chifukwa chimene chauluka ndi madzi okha, mchere watsala momwemo.

Tsopano kuzizira. Nsomba zimenezi zimafuna madigiri 24 mpaka 26 usana ndi usiku, ndipo kusintha koposa madigiri awiri patsiku kumazifooketsa. Ku Zomba mu Juni ndi Julayi, makamaka chiperoni chikagwa, usiku kumazizira kutsika pansi pa madigiri 15. Werengani choyezera kutentha cha m'ma 5 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana kwa masiku atatu, mulembe. Mukapeza 21 kapena 22 m'mawa, chifukwa chimene clownfish zikuunjikana mwachipeza. Malita 200 amafuna hita ya mawati 200, ndipo mahita awiri a 100 ndi abwino kuposa imodzi, poti ina ikafa inzake imagwirizira. Kwezani kutentha digiri imodzi patsiku. Matani katoni kapena styrofoam kumbuyo ndi m'mbali mwa thanki. Zimasunga kutentha, komanso nsomba zimadekha zikakhala zosaonekera mbali zonse. Mu Okutobala vuto lidzakhala lotembenuka: madzi akapitirira 29 mpweya umachepa, ndiye fani yopemerera pamwamba pa madzi idzafunika.

Magetsi akazima, choyamba kutha si kutentha koma mpweya. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire ndi kofunika kukhala nako. Popanda kameneko, tungani madzi a m'thanki ndi jagi n'kuwathira kuchokera mmwamba kangapo mphindi 15 zilizonse. Fundikani bulangete, ndipo musadyetse mpaka magetsi atabwera. Chimene ambiri amaiwala ndi nyale. Magetsi akazima madzulo nyale ya thanki ili yoyatsa, akabwera pakati pa usiku imayaka mwadzidzidzi nsomba zili mtulo. Zimabalalika, zimadzigunda m'miyala, firefish imadumpha, ndipo mawa lake palibe imene imatuluka. Magetsi akangozima, thimitsani swichi ya nyaleyo pasoketi. Masiku onse, nyale ya pabalaza iziyamba kuyaka mphindi 30 ya thanki isanayake, ndipo madzulo ya thanki iziyamba kuzima. Maola 8 mpaka 10 patsiku akwanira, sabata ino ngakhale 6.

Chimene sindikufuna kuti chikupitirireni ndi matenda otchedwa marine velvet, oyambitsidwa ndi kachilombo ka Amyloodinium ocellatum, chifukwa chizindikiro chake choyamba ndi kubisala komweku. Kachilomboka kamayambira m'makha khungu lisanaonetse kanthu. Nsomba imathawa kuwala, imapuma mofulumira, imasiya kudya, ndipo ikatuluka imakaima kutsogolo kwa pampu madzi akuiwomba kumaso. Mukaunika ndi tochi cham'mbali mumaona ngati yawazidwa fumbi losalala loyererako kapena lagolide. Amapha m'masiku awiri kapena atatu ndipo amatha kumaliza thanki yonse. Matenda a timadontho toyera tonga njere za mchere, oyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans, amayenda pang'onopang'ono. Nsomba imadzikhula pamiyala, timadontho timasowa n'kubweranso tochuluka. Clownfish ikaoneka ngati khungu likusupuka ndi ntchofu zoyera, amenewo ndi matenda a Brooklynella, ndipo amafuna mankhwala a formalin, mankhwala a kopa sawathetsa.

Mukaona zizindikiro za velvet musadikire mawa. Nsomba zonse, zooneka zathanzi zomwe, zisamukire m'thanki ina yopanda miyala, yokhala ndi hita, mpweya ndi mapaipi obisalamo. Kuviika nsomba yodwala m'madzi opanda mchere, ofunda mofanana ndi a pH yofanana, kwa mphindi 3 mpaka 5 kumagwetsa tizilombo tina m'makha n'kuipatsa mpumulo, koma sikuchiza. Chochiza ndi mankhwala a kopa, pamlingo wolembedwa pabotolo, woyezedwa tsiku lililonse, kawirikawiri kwa masiku 30. Ma wrasse sapirira kopa wokwera mwadzidzidzi, choncho ngati matenda sakuthamanga mukweze m'masiku angapo. Kopa asalowe m'thanki yaikulu: amapha nkhono ndi shrimp, ndipo miyala imamuyamwa n'kumamutulutsa pang'onopang'ono. Thanki yaikuluyo ikhale yopanda nsomba sabata 6 ngati anali velvet, masiku 76 ngati anali timadontho toyera, kuti tizilombo tife posowa pokhala. Kuno kumene mankhwala otere sapezeka pafupi, ndi bwino kuwaitanitsa asanafunike. Ndipo nsomba iliyonse imene mudzagule mtsogolo iziyamba yakhala sabata zinayi payokha m'kathanki ka malita 40 mpaka 60. Ikakhala wrasse, iikireni mbale yapulasitiki ya mchenga yogonamo.

Pabalazapo, nsomba zimamva kugwedezeka kwa madzi ndi mzere wa m'mbali mwa thupi lake. Sipika ya TV yogundana ndi tebulo la thanki, chitseko chomenyetsedwa, mwana wogogoda galasi ndi chala, zonsezi zimafika kwa izo mwamphamvu kuposa mmene ife timamvera. Sunthani sipikayo, ndipo anawo apatseni ntchito yokhala phee n'kuwerenga kuti firefish yatuluka kangati.

Podyetsa, zimitsani mapampu kwa mphindi 10. Yambani mwaponya pang'ono kumbali ya damsel ndi clownfish kuti zitanganidwe. Kenako tengani sirinji yaikulu yopanda singano, lumikizani kapaipi ka mpweya ka masentimita 40, yamwani chakudya chosungunulidwa m'madzi a m'thanki, n'kuchitulutsa pang'onopang'ono masentimita angapo kutsogolo kwa una, osati m'kati mwake. Mysis kapena brine shrimp (tishrimp ting'onoting'ono) za mufiriji ndizo zimakopa nsomba yatsopano kuposa chakudya chouma. Zikasowa, palani prawn yaiwisi yosathira kanthu ikadali youma ndi chisanu, tizidutswa tichepe kuposa diso la nsombayo. Chitani kawiri kapena katatu patsiku, pa nthawi zomwezomwezo, ndipo zotsala muzichotse kuti zisawole. Firefish yosadya kalikonse kupitirira sabata imodzi ili pangozi, ndipo zikafika pamenepo damsel ichoke tsiku lomwelo.

Wrasse ipatseni mpaka masiku 14. M'masiku amenewa yang'anani pansi kuseri kwa tebulo la thanki, m'bokosi la fyuluta ndi pakamwa pa pampu, poti nsomba yosowa nthawi zina imakhala inadumpha usiku woyamba. Yezani amoniya tsiku lililonse: akakwera popanda chifukwa china, kapena mukaona nkhono ndi nyongolotsi za m'miyala zaunjikana pamalo amodzi pamchenga, fufuzani pamenepo. Masiku 14 akakwana popanda chizindikiro chilichonse, sambani m'manja ndi madzi okha, zimitsani mapampu, tsekani chivindikiro mbali imene simukugwirako, ndipo yendetsani chala chimodzi mumchenga pang'onopang'ono kuyambira kukona ina, mizere yotalikirana masentimita 5, osakhudza miyala.